Buku la Pansi pa Chitenje

Ine sindikhulupirira munthu msanga, ndipo matenda amenewa ndinawatengera ku ntchito. Zaka zija za chipani chimodzi ndinali pa makina olumikiza mafoni mu ofesi ina m'tauni, chakuseri kwa Cairo Road, zomvera zili m'makutu tsiku lonse. Bwana ankauza akazi awo kuti ali pamsonkhano, ine ndikuwaona akupesa tsitsi kuti atuluke. Ena ankapatsana moni wa uchi, akangomaliza n'kundipempha nambala ina kuti akamunene mnzawo yemweyo. Ndiye munthu akandiuza kuti kunja kukugwa mvula, ndimayamba ndatulutsa dzanja pawindo.

Choncho mng'ono wanga atabwera ku Kabwata kumene ndinkakhala kudzanena kuti wapeza mwamuna wa kumpoto, chakumalire ndi Tanzania, ndinafunsa funso limodzi lokha: "Kwawoko mwana amakhala wa yani?" Kwathu kum'mawa mwana ndi wa kuchikazi. Kwawo amalowola ndi ng'ombe, mwana n'kukhala wa kuchimuna. Ndinamuuza kuti ng'ombe zimenezo tsiku lina tidzazibweza ndi munthu. Iye anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati, "Asisi, inu ngakhale mngelo atatsika mungamufunse chitupa." Anali woseka chibadwire mng'ono wangayo, woti ngakhale m'tchalitchi tinkamukhazika kumapeto kwa benchi kuti akayamba azituluka msanga.

Mwamunayo, ndisaname, anali munthu wabwino. Ndinamufufuza ndithu koma sindinamupeze ndi kanthu. Atakwatirana ankakhala ku Chelstone m'nyumba ya kampani, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi amene anali atangoyamba kukwawa. Tsiku lina mlamu wangayo anadandaula m'mimba, ndipo sabata isanathe tinali ku manda. Madokotala anati kathumbo kanaphulikira m'kati. Koma inu mukudziwa, kwathu kuno mnyamata wamphamvu safa ndi kathumbo, amafa ndi munthu. Abale ake anabwera maso ali kale pa mkazi.

Tsono mkaziyo sanalire. Kalanga ine! Anamukhazika pa matiresi pakona, mipando yonse itatulutsidwa kunja, namufunditsa chitenje kumutu monga mwa mwambo. Azimayi akalowa akubuma, iye ankangoti duu, maso gwa. Ndinamutsina pantchafu, ndinamunong'oneza kuti aganize za amayi athu amene anatisiya tili atsikana, koma ayi. Ngakhale pamene bokosi linkatsika, iye ankangoyang'ana nsapato za anthu.

Kuseka kunalipo pamaliropo, kochuluka. Pa maliro a munthu wa kumpoto, anthu a kum'mawa ndiwo achimbuya, aja ali ndi ufulu wonyoza ofedwa kuti mitima ipepuke. Ife sitinachite nawo chifukwa tinali achibale a mkazi, koma oyandikana nawo nyumba anachita mokwanira. Anapaka abale a malemu ufa kumaso, namanena kuti mnyamatayo sanafe, wangopita kukasaka anyani a ndiwo. Bwalo lonse linaseka, ndipo apongozi ake a mng'ono wanga, mayi weniweni wa malemu, anamwetulira ufa uli mbuu m'masaya. Kuseka kumeneko n'kololedwa chifukwa kuli ndi eni ake. Namfedwa yekha ndiye saloledwa.

Maliro atatha, anthu anabalalika koma apongozi anatsala. Anati mkazi akhalebe pansi kufikira akuluakulu a kumudzi atamaliza kukolola n'kubwera kudzakamba za imfayo, kugawa katundu ndi kumumasula kuti akhalenso ngati munthu wina aliyense. Kufikira tsiku limenelo asaphike, asathire mchere, asapereke moni wa m'manja, asatuluke kunja kwa mpanda. Mwana ankangomubweretsera kuti ayamwe. Mtsikana amene ankawerenga ngakhale zolembedwa pa paketi ya sopo anakhala masabata akuyang'ana khoma.

Loweruka lina masana ndinali kumeneko, mwana ali pamiyendo panga, apongozi akusankha nyemba pakhomo. Mng'ono wanga anali pakona yake, chitenje atachikokera mpaka m'maondo. Tinangoona mapewa ayamba kugwedezeka. Kenako thupi lonse, ndi kamawu kotsamwa kakutuluka pansi pa nsalu. Mtima wanga unati myaa, ndinati zikomo Ambuye, misozi yafika. Apongozi anaika lichero pansi, nakwawa kupita kwa iye, iwonso misozi ikulengeza. Anamufungatira nati m'Chinyanja chawo cha m'tauni, "Lila, mwana wanga, lila. Chizachoka pa mutima." Anavundukula chitenje kuti amupukute nkhope.

Anapeza munthu akuseka. Mano onse pamtetete, misozi ya chiseko ikutsika, buku lili pamaondo.

"Mwe bantu!" apongozi anakuwa. "Aseka! Mwana wanga ali mu manda, uyu aseka!"

Linali buku la Chingelezi, lonenepa, lopanda chikuto, ndipo masamba oyambirira, aja amanena dzina la buku ndi wolemba, anali atathothoka kalekale. Apongozi sankawerenga. Analinyamula ndi zala ziwiri nakaliika pamwamba pa kabati, natuma uthenga ku Woodlands kwa mwana wawo wamkulu.

Mkulu wake wa malemuyo anali bwana m'boma, wa galimoto ndi mpanda wa maluwa. Ife tinkangomuti ba mulamu. Anabwera ndi akazi awo, namvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa, chifukwa wokalipa umadziwa pamene waima. Anati bukulo liwerengedwe ndi anthu okhwima maganizo, ndipo zimene apezemo zikanenedwe pamaso pa akuluakulu. Kenako anawonjeza motsitsa mawu, "Mwana wa mufana wanga sangakulile pa manja ya muzimai oseka malilo."

Pamene ankanena zimenezo ine ndinkayang'ana akazi awo. Banja limenelo linali litakhala zaka zambiri lopanda mwana. Mayiyo anali atanyamula kamwana ka mng'ono wanga, ndipo ndinawaona akuyeza kaphazi kake ndi chala, monga amachitira munthu wofuna kukagula nsapato. Ndinati ohoo, wamisala anaona nkhondo. Mlandu si wa buku ayi, mlandu ndi wa mwana.

Choyamba ndinafuna kudziwa amene analowetsa bukulo m'nyumba, chifukwa ndinali wotsimikiza kuti ndi msampha wa ku Woodlands. Ndinapeza kuti ndi mayi wa kuseri kwa mpanda, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Kabulonga. Ndinamupanikiza ngati wapolisi. Wakutuma ndani? Ba mulamu umawadziwa? Anakupatsa chiyani? Mayi wa anthu mpaka analumbira. Anati azunguwo ankabwerera kwawo nataya mabuku, iye anatola oti aziyatsira mbaula. Mng'ono wanga ndiye anamupempha pawindo kuti amupezere kalikonse kokhala ndi zilembo, iye n'kulibisa pansi pa mbale ya mbatata. Zimene zinali m'katimo sankazidziwa, sukulu sanapiteko. Ndinamusiya, koma ndinapitiriza kumuyang'ana ndi diso limodzi.

Woyamba kupatsidwa bukulo anali amayi a tcheya a chipani m'dera la Chelstone, chifukwa masiku amenewo kalikonse kochitika m'dera kankadutsa kwa iwo. Ndinapita kukawaona nditanyamula kabotolo ka mafuta ophikira a saladi kamene ndinakapeza nditaima pamzere theka la tsiku. Analandira mafutawo, koma nkhope sinasungunuke. Nkhondo inali kutsidya kwa Zambezi, ndipo tinkauzidwa kuti azondi ali paliponse.

"Buku ilibe nkhope," anatero akuligogoda ndi chala. "Munthu obisa nkhope ni ndani? Ni kazitape."

Ndinaona mlandu wa pabanja ukusanduka mlandu wa boma. Mwamwayi anati anafufuza tsamba ndi tsamba, sanapezemo mapu, mfuti kapena dzina la mtsogoleri aliyense. Sindidziwa anawawerengera ndani, chifukwa Chingelezi chawo chinkathera pa moni. Chigamulo chawo chinali chakuti ndale mulibe, koma ulemu mulibenso, popeza mkazi wa m'bukumo, mwamuna wake atamwalira, sanagone pansi ngakhale tsiku limodzi.

Kenako linapita ku Chilenje, kwa amayi ena a kutchalitchi kwa malemu, mphunzitsi wopuma pantchito. Amenewa analisunga nthawi yaitali kuposa onse. Nditawapeza anandikhazika pampando nandiuza ndi nkhope ya maliro kuti bukulo ndi loipa. Mulibe pemphero ngakhale limodzi. Mtsikana wa m'bukumo amamwa vinyo, amavala jasi la mwamuna wake, ndipo amakangana ndi munthu wakufa ngati ali moyo. Koma pamene ankanena za kukanganako, mlomo wawo wakumanzere unkanjenjemera, ndipo anatsokomola chifuwa chimene sindinachikhulupirire. Anati sanalimalize, mzimu unawaletsa. Pondiperekeza anafunsa, maso ali kumbali, "Kodi nkhaniyi ikatha, bukuli lipita kwa ndani?" Ndinadziwa kuti amayi awa aseka nalo kuchipinda, koma pabwalo adzaliponda.

Apa ndiye ndinayamba kuganiza zinthu. Usiku ndi usana mutu wanga unkazungulira. Munthu wosalira mwamuna wake, n'kumaseka buku la mkazi wofedwa, kodi ameneyu ali bwino? Ine amene ndinkamva anthu akunama tsiku lonse, ndingalumbire bwanji kuti wa mimba imodzi ndi ine sanganame? Ndinapita ku Chelstone tsiku limene apongozi anali ku msika, ndinakhala pafupi naye, ndinafunsa mosazungulira.

"Ndiuze ine ndekha. Unamuchita kanthu?"

Iye anati, "Asisi, inunso?"

Mawu amenewo anandilasa, koma sindinabweze funso langa. Iye anakoka mpweya nayamba kulankhula, osakweza mawu.

"Misozi sikubwera, asisi. Ndafinya, ndapemphera, sikubwera. Chimene chikubwera ndi mkwiyo. Mukuchiona chitseko cha kabati icho? Anati adzakonza Loweruka. Malaya ake akuda anawasiya m'bafa. Anandisiya ndi amayi ake ndi khoma ili. Ndikamuganiza ndimafuna kumutukwana, kenako ndimachita mantha kuti mwina ndine mfiti. Aliyense amandiuza kuti khala pansi, funda, usathire mchere. Palibe anandiuza kuti munthu umakwiyira wakufa. Mtsikana wa m'buku uja yekha ndiye anandiuza. Iyenso ndi wokwiya, iyenso sakulira, ndipo amamukonda mwamuna wake. Ndikamawerenga ndimaona kuti si ine ndekha."

Manyazi anandigwira.

"Ndinatsala pang'ono kumaliza," anatero. "Ndinaika kamtengo ka machesi pamene ndinalekezera. Ndikungofuna ndione ngati mtsikanayo adzapola."

Ndinapita ku Woodlands kukanena kuti mbali yathu nayonso iyenera kuwerenga, popeza mlandu sauweruza mbali imodzi. Ba mulamu anavomera monyinyirika, nati abwera nalo ku ofesi kwanga m'mawa n'kulitenga poweruka. Ndiye ndinaliwerenga pa makina a mafoni, pakati pa "dikirani pang'ono" ndi "nambala ili bize". Ndinalitsegula ndi mtima wofuna kupeza poizoni. Ndinapeza mtsikana wachizungu amene mwamuna wake anagwa padenga akukonza mlongoti wa wailesi. Kwawoko ena amawotcha mtembo, choncho anamupatsa phulusa, iye n'kulisunga m'chitini cha tiyi chifukwa chotengera chenicheni chinali chonyansa. Tsiku lina anakwera nacho basi, nachilipirira tikiti, nakaniza bambo wina wonenepa kukhala pampandopo ati pali mwamuna wake. Potsika anachiiwala. M'mawa mwake anapita ku ofesi ya katundu wotayika nati wataya mwamuna. Kalaliki anati amufotokoze maonekedwe. Iye anati ndi wamfupi, wozungulira, wa chivindikiro chofiira.

Mayo ine! Ndinaseka mpaka ndinalumikiza bwana wathu kwa munthu wolakwika. Tsamba lotsatira, mtsikanayo atachipeza chitini chija anakhala pansi pa masitepe a ofesiyo nachifungatira. Ndinali ndisanafike ndi pakati pomwe pamene ba mulamu anatulukira pakhomo, dzanja atatambasula kale. Kamtengo ka machesi kanali pamalo pake, chakumapeto.

Akuluakulu anafika nyengo yozizira. Msonkhano unachitikira pabwalo la nyumba ya ku Chelstone masana, mbaula ya makala ili pakati kuti okalamba aziwotha. Wotsogolera anali atate aang'ono a malemu, nkhalamba ya kumudzi yosalankhula zambiri. Mbali yathu tinali ine ndi amalume athu, amene makutu anali atawathawa kale moti ankangovomera chilichonse. Mng'ono wanga anakhala pamphasa, chitenje kumutu. Mwana anali m'manja mwa mayi wa ku Woodlands, akazi a ba mulamu, atavala tinsapato tatsopano.

Bukulo analiika pampando pakati pa bwalo. Amayi a tcheya ananena zawo, amayi a ku Chilenje ananena zawo osandiyang'ana. Kenako anaimirira ba mulamu, nakonza tayi. Anati aliwerenga mozama. Anati ndi buku lophunzitsa akazi kusaopa imfa ya amuna awo. Anati mkazi wa m'menemo anawotcha mtembo kuti umboni usapezeke, nasunga phulusa m'chitini kukhitchini, ndipo aliyense pano akudziwa ntchito ya phulusa la munthu. Azimayi anati "Yaba!" Nkhalamba ija inayang'ana mng'ono wanga. Apongozi, amene zonsezi ankangozimvera kwa ena, anayamba kulira chamumtima.

Ine mtima unandiwira. Ndinapempha kulankhula. Ndinati akuluakulu, si choncho, mwamunayo anagwa padenga, ndipo kuwotcha ndi mwambo wa kwawo monga ife timakwirira. Ndinati mtsikanayo ankamukonda mwamuna wake kwambiri moti ankayenda naye paliponse. Kuti amvetse, ndinayamba kufotokoza za m'basi muja. Ndinanena za tikiti. Ndinanena za bambo wonenepa. Nditafika pa kalaliki ndinamva chinthu chikukwera kuchokera m'mimba. Ndinaluma mlomo, ndinadzitsina, ndinayang'ana makala. Ndinangoti "wamfupi, wozungulira," basi chinaphulika. Ndinaseka, anthu inu, pamsonkhano wa maliro, pamaso pa mayi wofedwa mwana. Amalume athu poona ine ndikuseka anaganiza kuti nkhani yatha bwino, iwonso anayamba kuseka.

Ba mulamu sananene zambiri. Anangotambasula manja nati, "Mwaona mweka. Ni banja yonse."

Nkhalamba ija inagwedeza mutu, niyamba kulankhula m'chinenero chawo. Sindinkamva zonse, koma mawu akuti mwana ndi akuti ng'ombe ndinawamva. Mayi wa ku Woodlands anamukokera mwanayo pachifuwa.

Apo mng'ono wanga anadzuka. Palibe anamuloleza. Anapita pampando paja, natenga bukulo. Ndinamuona akulitsegula pa kamtengo ka machesi, ndipo ndinaganiza kuti mwina awerenga. Analiyang'ana kamphindi, nalitseka, naliika pa makala ndi manja ake awiri. Pepala lakale silichedwa. Moto unalilawira m'mbali, masamba anayamba kupindika, utsi unakwera. Iye anaima pomwepo akuyang'ana, ndipo kenako kunatuluka mawu amene sindinawamvepo kwa iye chibadwire. Anagwa pansi nabuma. Anaitana mwamuna wake, namufunsa chifukwa chake anamusiya ndi chitseko chosakonza, chifukwa chake anamusiya ndi anthu ofuna kumulanda mwana, namutukwana, namupepesa, nagubuduka m'fumbi mpaka chitenje chinachoka. Analira misozi ya masabata onse aja nthawi imodzi.

Apongozi ndiwo anayamba kusuntha. Anakwawa monga anachitira tsiku lija, namugwira mutu, nalira naye. Atatopa onse awiri, apongozi anadzuka, napita kwa mkamwana wawo wa ku Woodlands, natenga mwana m'manja mwake, nakamuika pamiyendo pa mayi ake. Anatembenukira kwa nkhalamba ija nati, "Uyu mwana akali kuyamwa." Mawu anali okhawo basi. Nkhalambayo inayang'ana moto, niti nkhani ya mwana yatha, tikambe za katundu.

Katundu ndiye anatenga, musafunse. Mipando, wailesi, chitofu, bedi, ngakhale kabati ya chitseko chothyoka ija inakwera lole. Ife sitinatsutse kanthu. Ba mulamu sanandipatsenso moni mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo ine sindinaonde nazo.

Madzulo a tsiku lomwelo, anthu akulongedza, ine ndi mng'ono wanga tinanyamula mbaula kupita nayo kuseri kukataya phulusa. Maso ake anali otupa, mawu atasasa. Pamwamba pa makala ozima panali phulusa la pepala, lopyapyala, mwina mizere ikuonekabe. Analiyang'ana, nayang'ana uku ndi uku, nandinong'oneza, "Asisi, mulibe chitini cha tiyi?"

Ndinadziluma dzanja mpaka mano anadinda. Apongozi anali pafupi, kuseri kwa khoma. Tinaima pamenepo awiriwiri, mapewa akugwedezeka, ndipo aliyense wotiona akanati alongo awa akulirabe.

Mpaka lero sindidziwa ngati pabwalo paja ankalira mwamuna wake, kapena buku, kapena ankadziwa bwino lomwe chimene anthu aja anabwera kudzaona. Ndinamufunsapo kamodzi. Anandiyankha kuti, "Asisi, simutopa?" Anasamukira kwa ine ku Kabwata ndi mwana wake ndi sutikesi imodzi, napeza ntchito, nalera mwanayo mpaka kukula. Kuseka sanasiye, koma ankayamba wayang'ana kaye amene ali pafupi.

Funso lake lija ndilo silinathe. Nthawi zina tikusenda mbatata kapena tili pamzere wa shuga ankangoti, "Koma mtsikana uja anapola?" Ndinabwerera ku Chilenje kwa amayi a kutchalitchi aja. Anavomera tsopano kuti anaseka nalo mpaka mwamuna wawo anawadzudzula, koma analekera pakati zoonadi, ndipo iwonso anandifunsa ngati ndikudziwa mathero. Amayi a tcheya analiiwala ndi kuliiwala. Ba mulamu ndikukayika ngati anapitirira pa chitini. Anthu onse aja anaimirira pabwalo kuliweruza, ine ndemwe, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafika kumapeto.

Ndinalifunafuna. M'masitolo a mabuku m'tauni mashelefu anali mbee zaka zimenezo, ndipo ukafunsa buku lopanda dzina, lopanda wolemba, la mtsikana ndi chitini, amakuyang'ana ngati wazungulira mutu. Ndinazolowera kuima pa anyamata ogulitsa mabuku akale pansi m'mbali mwa Cairo Road, kutsegula lililonse lonenepa lopanda chikuto, kufunafuna basi ndi kalaliki. Ankandidziwa, ankati abwera amayi osagula aja.

Mng'ono wanga anadwala ali ndi imvi kale, mwana wake uja ali ndi ana akeake. Tsiku lina ndikumumwetsa phala anandigwira dzanja nafunsanso funso lomwelo, mawu ali pansipansi. Ndinayang'ana mwana wakeyo, amene anali pakhomo akupinda zovala za amayi ake, wamtali ngati bambo ake, woseka ngati mayi ake. Ndinati, "Anapola."

Anatseka maso namwetulira. "Asisi," anatero, "inu simudziwa kunama. Simunawerenge."